Mpando wa bwana, miyendo ya mesenjala

Minibasi zoyamba zimanyamuka pa Lirangwe kusanache. Amene amagwira ntchito m'tauni amakhala atapanikizana kale m'menemo, mawondo atagunda mpando wakutsogolo, chikwama chili pamiyendo. Pa Lunzu galimoto iima kudikira ena. Pa Kameza ikumana ndi zinzake zochokera ku Chileka, ndipo kuchokera pamenepo mdipiti wa magalimoto umayenda ngati ukuperekeza maliro. Ikamakwana 7:30 munthu uja wachoka pampando wa minibasi n'kukakhala pampando wa muofesi. Masana chipisi chimupeza pomwepo. Madzulo ulendo womwe uja chobwerera, akafika kunyumba mphwa! pasofa, foni ili m'manja. Mukawonkhetsa, mupeza kuti tsiku lonse latha ali chikhalire.

Kunja kuno anthu adayamba kale kudandaula za moyo woterewu, ndipo mankhwala amene amalonda akutsatsa kwambiri ndi desiki yoimirira. Ndi tebulo lomwe limakwera ndi kutsika. Ukadina batani, kapena kupukusa kachitsulo kam'mbali, limakwera mpaka kufika m'chigongono, iwe n'kumalemba pakompyuta uli chiimire. Ukatopa ulitsitsa n'kukhalanso. Kodi n'chinthu choti ofesi ya pa Chileka kapena pa Lirangwe ichiganizire, kapena ndi zoseweretsa za anthu okhuta?

Nkhaniyi idayambira m'basi. M'chaka cha 1953, dokotala wina wa ku Britain, Jeremy Morris, adatulutsa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zomwe adapeza atafufuza anthu pafupifupi 31,000 ogwira ntchito zamtengatenga mumzinda wa London. Mabasi akumeneko ndi osanja. Dalaivala ankakhala pachiwongolero tsiku lonse, pamene kondakitala ankangokwera ndi kutsika masitepe potolera ndalama. Amuna a mzinda umodzi, kampani imodzi, basi imodzi. Koma matenda a mtima ankagwira kwambiri madalaivala, ndipo akawagwira ankawapha msanga kuyerekeza ndi makondakitala. Morris adayang'ananso ogwira ntchito zamtokoma. Amene ankayenda pansi kapena panjinga kugawa makalata anali ndi mitima yolimba kuposa amene ankakhala muofesi n'kumayankha lamya. Mwiniwake wa kafukufukuyu adagwiritsa ntchito zomwe adapeza, ankalimbitsa thupi mpaka kuukalamba, ndipo adamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99.

Kondakitala wathu wa minibasi sangadzitame nazo kwenikweni zimenezi, poti amayenda atapindika pachitseko ngati chikwakwa. Koma ofesi yathu ili naye munthu wofanana ndi wogawa makalata uja. Ndi mesenjala. Fayilo ikafunika kuchipinda china, ndi iyeyo. Kubanki, kukagula mayunitsi, kukatenga nkhomaliro ya bwana, ndi iyeyo. Munthu akamakwera paudindo, ndiye kuti mayendedwe ake akuchepa, mpando ukukula, mpaka ufika pokhala wachikopa, wozungulira, wamatayala, woti ngakhale kabati ili apo amangodzikankha osadzuka.

Apa ndiye pali fupa la nkhaniyi. Kwathu kuno mpando ndi ulemu. Mlendo akafika timathamangira kumupatsa pokhala tisanamulonjere. Mwana woleredwa bwino salankhula ndi akulu ali chiimire. Wotsogolera gulu timamutcha wapampando, ndipo mfumu timati yakhala pampando wa makolo ake. Amene amaima ndi wolakwa pabwalo, mlonda pageti, ndi wodikira pamzere. Mwana wa pa Lirangwe amene adakula akuyenda mtunda wopita kusukulu, khasu m'mawa, mtolo wa nkhuni madzulo, akapeza ntchito ya muofesi amadziwa kuti watsazikana ndi thukuta. Mimba ikayamba kutuluka, akumudzi amati ndalama zamuyanja. Ndiye wina abwere n'kumuuza kuti azigwira ntchito ataima? Angamufunse kuti, nanga sukulu ndinkaphunzirira chiyani?

Komatu thupi silidziwa za ulemuwo. Minofu ikuluikulu ya m'miyendo ndi imene imakoka shuga wambiri m'magazi ikamagwira ntchito. Munthu akakhala kwa maola osadzuka, minofuyo imagona, shuga ndi mafuta zimachedwa kuchoka m'magazi, ndipo magazi amadikha m'miyendo. Msana ndi khosi nazo zimayamba kudandaula. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, m'modzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Anthu 5.6 mwa 100 alionse anali ndi shuga. Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU, amene adatuluka mu 2018 atayerekeza anthu a ku Area 25 ku Lilongwe ndi akumudzi ku Karonga, adapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali onenepa kupitirira muyeso, pamene kumudzi anali 27. Mpando si wokha wolakwa, mchere, zokazinga ndi zakumwa zotsekemera zilinso m'gulumo. Koma Chileka ndi Lirangwe ndi malo amene mudzi ukusanduka tauni tikuona, ndipo manambala amenewa akutiuza kumene tikulowera.

Nanga desiki ija imathandiza? Pa kuchepetsa nthawi yokhala, inde. Akatswiri a ku Leicester ku England adayesa pa anthu 146 ogwira ntchito m'maofesi a zipatala, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu BMJ mu 2018. Patatha chaka, amene adapatsidwa madesiki okwera ndi kutsika, pamodzi ndi uphungu ndi zowakumbutsa, ankakhala pansi mphindi zoposa 80 zochepa patsiku lantchito kuyerekeza ndi anzawo. Ambiri adanenanso kuti kutopa kudachepa. Onani kuti sadangowatulira desiki n'kuwasiya. Gulu lomwelo litayesanso pa anthu ochuluka ogwira ntchito m'makhonsolo, lidapeza mu 2022 kuti uphungu wokha udachotsa mphindi 22 patsiku, pamene uphungu ndi desiki pamodzi zidachotsa mphindi 64.

Koma wina asanamizidwe kuti kuima kumatsitsa mimba. Mphamvu zomwe thupi limawotcha ukaima maola asanu ndi limodzi m'malo mokhala n'zochepa, sizifika n'komwe pa zomwe zili m'botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Ndipo mu 2024 akatswiri a ku University of Sydney, atasanthula za anthu oposa 83,000 a ku Britain, adapeza kuti kuima nthawi yaitali sikuchepetsa chiopsezo cha matenda a mtima, ndipo kukapitirira maola awiri patsiku kumawonjezera mavuto a mitsempha ya m'miyendo. Kukhala maola oposa 10 nakonso adakupeza ndi mlandu.

Zimenezi amayi ogulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lirangwe sakufunika kuuzidwa ndi a ku Sydney. Amadziwa mmene mapazi amatupira dzuwa likamalowa. Mphunzitsi amene waima pabolodi kuyambira m'mawa amadziwa. Pabwalo la ndege la Chileka mupeza onse awiri pansi pa denga limodzi, wodinda mapasipoti amene sachoka pampando ndi wachitetezo amene alibe pokhala. Onsewa akuvutika ndi chinthu chimodzi, thupi laumitsidwa malo amodzi. Kondakitala wa Morris sadapulumuke chifukwa choima ayi, ankakwera masitepe.

N'chifukwa chake kwa ine desikiyi ndi kampata chabe, chifukwa munthu amene waima kale sachedwa kusuntha. Chenicheni ndi kuyendako. Ofufuza a ku Columbia University ku New York adapeza mu 2023 kuti kuyenda pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu pa theka lililonse la ola kumatsitsa shuga wa m'magazi munthu akadya, komanso kuthamanga kwa magazi. Malangizo a WHO a 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata, ndiponso azichepetsa nthawi yokhala. Kutsika minibasi siteji imodzi usanafike kumene ukupita, m'mawa ndi madzulo, kumakuthandiza kuyandikira mlingo umenewu popanda kulipira kalikonse.

Za desiki yamagetsi yochokera kunja, ndi mmene magetsi amazimira kuno, ingakutsekereni m'mwamba tsiku lonse. Kalipentala aliyense wa pa Lunzu kapena ku Ndirande angathe kukhoma kabenchi kosanjika patebulo lomwe lilipo kale. Chachikulu ndi muyeso. Manja akhale mulingo wa chigongono, pamwamba pa sikirini payang'anane ndi maso, mapewa asakwere. Laputopu yokha imakuweramitsa, choncho imafuna kiyibodi yapadera. Katoni ya mapepala nayo imagwira ntchito poyesera. Ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba, amene amatha tsiku m'tizisakasa tothina, ali kale ndi kauntala yofika m'chifuwa, kwawo n'kungosinthanitsa, kasitomala uyu ataima, winayo atakhala. Telala wa pakhonde amadzuka yekha akafuna kudula nsalu kapena kusita.

Chovuta ndi muofesi mwenimweni. Kalaliki wamng'ono sangayambe yekha kuima pakati pa anzake okhala, amuseka, kapena amufunsa ngati watuluka chithupsa. Akamadzuka pafupipafupi, wamkulu wake aganiza kuti akuzemba ntchito. Ndiye woyamba ayenera kukhala mwini mpando wachikopa uja. Iyeyo akayamba kuyankha foni ali chiimire, kuchititsa msonkhano waufupi wa Lolemba popanda mipando, kunyamula yekha fayilo kupita nayo kuchipinda china, ena onse apeza chilolezo. Sabata yoyamba mesenjala adzadabwa, mwinanso kuda nkhawa kuti ntchito yake ikutha.