Mwana waikidwa shunt m'mutu, kenako wadwala: kodi mungasumire chipatala?

Anzanga a ku Mitundu, Nathenje ndi midzi yonse ya m'mbali mwa Diamphwe, ambiri a ife tinaonapo khanda la mutu waukulu kwambiri. Ena amati ndi zamatsenga, koma zoona zake ndi matenda otchedwa hydrocephalus. Madzi amene amazungulira ubongo amalephera kutuluka, ndiye amadzadza n'kumakankha ubongo ndi chigaza. Kuno ku Africa ana ambiri amawatenga atadwala matenda oumitsa khosi kapena matenda ena a mu ubongo ali akhanda. Ena amabadwa nawo, makamaka amene ali ndi chotupa pa msana.

Lero ndikufuna tikambe zimene zimachitika opaleshoni ikatha, ndi zimene lamulo limanena ngati mwana wadwala koma achipatala sanazindikire msanga.

Shunt ndi chiyani?

Ndi kapaipi kofewa kamene madokotala amakalowetsa m'mutu, n'kukadutsitsa pansi pa khungu kuseri kwa khutu, pakhosi, pachifuwa mpaka m'mimba. Madzi owonjezera aja amatsikira m'mimba ndipo thupi limawayamwa. Opaleshoni yotereyi simachitika pa chipatala chaching'ono ayi, imachitika ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Pali njira inanso yotchedwa ETV, yoboola kanjira mkati mwa ubongo popanda kusiyamo paipi, imene Dr Benjamin Warf anaigwiritsa ntchito kwambiri pa makanda ku Mbale m'dziko la Uganda. Koma si mwana aliyense amene njirayi ingamuyanje.

Shunt imapulumutsa moyo. Vuto lake n'lakuti ndi chinthu chachilendo m'thupi, ndiye tizilombo timatha kumatirira pamenepo. Nthawi zambiri ndi mabakiteriya a pakhungu otchedwa Staphylococcus, ndipo matendawa amaonekera kwambiri m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira opaleshoni ikachitika.

Zizindikiro zimene simuyenera kugona nazo

Thupi kutentha. Kusanza. Kulira kosatonthozeka kapena kugona kwambiri mpaka kukanika kuyamwa. Liwombo kutupa. Khungu kufiira kapena kutupa m'njira imene paipi yadutsa. Bala kutuluka madzi kapena mafinya. Mimba kuuma kapena kupweteka. Maso kuyang'ana pansi. Kukomoka.

Mwaona vuto lake? Zambiri mwa izi zikufanana ndi malungo. Apa ndi pamene ana amataikira. Mwana amatha kupezeka ndi malungo n'kupatsidwa LA, pamene shunt nayonso ili ndi tizilombo. Zonse ziwiri zimatheka nthawi imodzi. Choncho mukangofika pa chipatala cha Mitundu, Nathenje kapena Nkhoma, mawu oyamba akhale akuti: "Adokotala, mwanayu ali ndi shunt, anamuika tsiku lakuti." Musadikire kuti akufunseni.

Kuti atsimikize matendawa amayenera kuyeza madzi a mu ubongo. Mankhwala ake si Panado ayi. Nthawi zambiri amachotsa paipi ija, kupereka maantibayotiki a mu mtsempha, kenako kuika ina madziwo akayera. Kuchedwa kungachititse kuti ubongo uwonongeke, mwana asaone, asayende, kapena amwalire kumene.

Ndiye mlandu umayambira pati?

Apa ndinene mosabisa: si nthawi zonse pamene shunt ikalowa tizilombo ndiye kuti wina walakwa. Ngakhale ku zipatala za ku London zimachitika. Khothi silifunsa kuti "kodi mwana anadwala?" Limafuna muonetse zinthu zitatu.

Choyamba, kuti chipatalacho chinali ndi udindo wosamalira mwanayo. Izi sizivuta: akangomulandira, udindo wayamba.

Chachiwiri, kuti sanachite zimene wachipatala wodziwa ntchito yake akanachita. Makhothi athu amatsatira mfundo ya mlandu wa Bolam, umene unagamulidwa ku England mu 1957. Mfundo yake ndi yakuti dokotala salakwa ngati wachita zimene madokotala ena odalirika akanachitanso. Ndiye ngati mwana wa shunt wabwera kangapo thupi likutentha, bala likutuluka mafinya, koma akungobwezedwa osamuyeza kapena kumutumiza ku chipatala chachikulu, pamenepo pali funso lofunika kuyankha.

Chachitatu ndiye chovuta kwambiri: kuti kuchedwako ndi kumene kunabweretsa kuvulala kapena imfa. Khothi la ku England linaweruza mlandu wa Barnett, mlonda amene anamwa tiyi wa poizoni. Atapita kuchipatala dokotala sanamuone, anangomuuza kuti apite kunyumba, ndipo anamwalira. Khothi linavomereza kuti chipatala chinalakwa, koma mkazi wake sanalandire kanthu, chifukwa ngakhale akanamuona, mankhwala sakanafika pa nthawi yoti n'kumupulumutsa. Pa nkhani ya shunt, achipatala akhoza kunena kuti ubongo unali utawonongeka kale ndi hydrocephalus. N'chifukwa chake pamafunika dokotala wina wodziwa za ubongo kuti achitire umboni.

Mungakadandaule kuti?

Poyambira ndi pa chipatala pomwepo. Zipatala za boma zili ndi Ombudsman wa pachipatala, amene ntchito yake ndi kumva madandaulo a odwala, kwaulere. Pamwamba pake pali ofesi ya Ombudsman wa dziko lonse. Musaganize kuti ofesiyi ilibe mano: mu 2019, m'nthawi ya mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb, lofufuza za amayi amene anachotsedwa chiberekero m'zipatala zazikulu za boma.

Ngati dandaulo lanu ndi khalidwe la dokotala kapena kilinishani, kuli Medical Council of Malawi. Ngati ndi namwino, kuli Nurses and Midwives Council of Malawi. Mabungwewa amalanga wolakwa, mpaka kumulanda chiphaso, koma nkhani ya chipukuta misozi njira yake yaikulu ndi khothi.

Mwana sangasumire yekha, amasumira kudzera mwa kholo kapena womulera. Ngati chipatalacho ndi cha boma, amene mumasumira ndi Attorney General, ndipo lamulo limafuna kuti mumulembere kaye kalata n'kudikira masiku 90 musanatsegule mlandu. Ngati ndi cha mishoni kapena cha munthu, mumasumira eni ake. Nthawi nayo ili ndi malire: milandu ya kuvulala chifukwa cha kusasamala imayenera kukafika kukhothi pasanathe zaka zitatu. Kwa ana lamulo lili ndi mfundo zina zapadera, koma musadalire zimenezo, kaonaneni ndi loya msanga. Mulibe ndalama? Legal Aid Bureau inakhazikitsidwira anthu ngati inu nomwe.

Khothi likakukomerani, chipukuta misozi chimawerengera ululu umene mwana wadutsamo, zimene sadzathanso kuchita pa moyo wake, ndi ndalama zimene mwawononga. Koma dziwani kuti milandu yotere imatenga zaka, imafuna kudekha.

Umboni umayamba lero

Apa ndi pamene achinyamata a foni m'manjafe tingathandize makolo ndi achemwali athu. Buku la kuchipatala la mwana lisataike, jambulani tsamba lililonse. Jambulani bala ndi malo otupa, tsiku lidziwike. Lembani tsiku ndi nthawi imene munafika pa chipatala, zimene munanena ndi zimene anakuyankhani. Sungani kalata yotulukira m'chipatala, kalata yokutumizani kwina ndi malisiti onse, ndipo ndalama za minibasi ndi kabaza muzizilemba.

Chimodzi ndikupempheni: musathamangire pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp kukatchula dzina la namwino kuti wapha mwana. Mkwiyo ndi womveka, koma mukhoza kusumiridwa inuyo chifukwa choipitsa mbiri ya munthu, n'kuwononganso mlandu wanu. Nayenso mwanayo ali ndi ulemu wake, chithunzi chake si choti chizizungulira paliponse.

Ndipo tisaiwale, ndalama za kukhothi sizibwezeretsa ubongo umene wawonongeka. Chofunika kuposa zonse ndi kufika msanga ndi kulankhula momveka. Ngati mwana wa shunt akudwala ndipo mukuona kuti sakusintha, bwererani tsiku lomwelo, pemphani mwaulemu koma molimba mtima kuti akulembereni kalata yopita ku Central. Ngati m'mudzi mwanu muli mayi amene mwana wake ali ndi shunt koma alibe foni, muwerengereni nkhaniyi.