Zinthu 7 zodabwitsa za Jeff Tweedy ndi gulu la Wilco

Ambiri a ife tikamva za nyimbo za country timakumbukira Don Williams kapena Jim Reeves. Koma ku America kuli mtundu wina wotchedwa alternative country, womwe mizu yake ndi nyimbo za kumidzi koma ukali wake adautenga ku punk. Jeff Tweedy, mpeki wamkulu wa gulu la Wilco, ndi mmodzi mwa amene adauyambitsa.

1. Wilco idabadwa abwenzi awiri atayambana. Tweedy, mwana wa bambo wogwira ntchito ku njanji, adadziwana ndi Jay Farrar ali pasukulu ya sekondale ku Belleville, m'chigawo cha Illinois. Mu 1987 awiriwa ndi woimba ng'oma Mike Heidorn adakhazikitsa gulu la Uncle Tupelo. Patapita zaka, kusamvana kudakula mpaka Farrar adati basi. Adaimba komaliza pa 1 Meyi 1994 ku St. Louis. Farrar adayambitsa gulu la Son Volt, pomwe anzawo otsalawo adatsatira Tweedy n'kukhala Wilco.

2. Poyamba Tweedy ankaonedwa ngati wamng'ono. Mu Uncle Tupelo iye ankaimba gitala ya besi, ndipo ambiri ankati mwini luso ndi Farrar. Mu 1995 magulu awiriwa adatulutsa zimbale zawo zoyamba: Trace cha Son Volt chidatamandidwa ndi kugulidwa kuposa A.M. cha Wilco.

3. Chimbale choyamba cha Uncle Tupelo, No Depression cha 1990, chidatenga dzina ku nyimbo yomwe banja la Carter Family lidajambula mu 1936. Mu 1995 padayambanso magazini ya nyimbo zamtunduwu yokhala ndi dzina lomwelo.

4. Mu 1992, achinyamata onse atatengeka ndi magitala a phokoso a gulu la Nirvana, Uncle Tupelo idalowera kwina. Idajambula chimbale cha magitala opanda magetsi m'masiku asanu okha ku Athens, Georgia, mothandizidwa ndi Peter Buck wa gulu la R.E.M. Dzina la chimbalecho ndi masiku omwewo: March 16–20, 1992.

5. Wilco idapekapo nyimbo ndi munthu amene adamwalira kale. Woimba Woody Guthrie, yemwe adatisiya mu 1967, chaka chomwe Tweedy adabadwa, adasiya mawu a nyimbo ambirimbiri opanda maimbidwe. Mwana wake Nora adaitana woimba wa ku Britain Billy Bragg, iye n'kuitananso Wilco, ndipo mu 1998 padatuluka Mermaid Avenue.

6. Chimbale chawo chogulidwa kwambiri chidayamba chakanidwa. Apa ndiye pali nkhani. Mu 2001 kampani ya Reprise idamvetsera Yankee Hotel Foxtrot n'kuona kuti nyimbozo sizingaimbidwe pa wailesi. Tweedy adakana kusintha kalikonse, ndipo kampaniyo idawalola kuchoka ndi chimbale chawo. M'malo mochisunga, mu Seputembala chaka chomwecho gululi lidachiika pa intaneti kuti aliyense amvere kwaulere, nthawi yomwe makampani ankaona intaneti ngati wakuba. Kenako adasainirana ndi Nonesuch. Chodabwitsa n'chakuti Reprise ndi Nonesuch onse ndi ana a kampani imodzi, Warner, ndiye kuti Warner idalipira kawiri chimbale chimodzi. Chitatuluka mu Epulo 2002 chidagulidwa makope oposa 500,000. Sizidabwere zaulere ayi: pojambula chimbalechi Tweedy adasemphana ndi Jay Bennett, katswiri yemwe dzanja lake likumveka m'nyimbo zonsezo, mpaka adamuchotsa m'gululo. Bennett adamwalira mu 2009, ndipo ine ndimaona kuti salandira ulemu womuyenera.

7. Chimbale chomwe chidawapatsa Grammy, Tweedy adachijambula akudwala. Kuyambira ali mwana amavutika ndi mutu waching'alang'ala, ndipo mankhwala opha ululu adamulowerera. Mu 2004, A Ghost Is Born chili pafupi kutuluka, adakagonekedwa kuchipatala kuti asiye mankhwalawo. Chaka chotsatira chimbalecho chidapata mphoto ziwiri za Grammy. Iye wakhala akulankhula poyera za matendawa, ndipo amatsutsa maganizo akuti woimba ayenera kuzunzika kuti apeke nyimbo zabwino. Pamenepa ndimagwirizana naye ndi mtima wonse.

Ngati simunawamvepo, yambani ndi Anodyne, chimbale chomaliza cha Uncle Tupelo cha 1993, kenako Yankee Hotel Foxtrot.