MAGIYA AKAYAMBA KUBVUTA PA GALIMOTO YAKALE

Owerenga athu ena ali ndi pikapu zakale zimene amatengera cimanga ndi mtedza ku msika. Tsiku lina mwini galimoto aona kuti mubvi wosonyeza liwiro ulikudumphadumpha kapena wangogona pa 0, ndipo nthawi yomweyo magiya alikulowa mwamphamvu ngati wina wagunda galimoto kumbuyo. Ambiri akaona izi amati giyabokosi yafa. Musafulumire. Kutsitsa giyabokosi kungathe kudya ndalama zonse za mbeu za caka cimeneco, pamene kawirikawiri cobvuta ndi kacida kocepa ngati cala.

Tiyeni titenge citsanzo ca Ford F-150 ya ku America, yopangidwa kuyambira 1992 kufikira 1996, ija yosintha yokha magiya. Pakati pa mawilo a m'mbuyo, pamwamba pa difu, pali kacida kochedwa sensa, komangidwa ndi bauti imodzi, ndipo kali ndi mawaya awiri. M'kati mwace muli maginito amene amawerenga mano a citsulo cozungulira m'difumo. Uthenga wace umapita ku wochi ya liwiro, ndipo kucokera kumeneko umafika ku kompyuta imene imalamula magiya. Tsono uthengawo ukadukaduka, kompyuta siidziwa ngati galimoto irikuthamanga kapena irikukwawa. Ndi cifukwa cace matenda awiriwa amadza pamodzi. Pa magalimoto a mitundu yina sensayi imakhala kumchira kwa giyabokosi, koma nchito yace ndi yomweyo.

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, zimitsani injini, ikani miyala ku mawilo, ndipo mulowe pansi. Yambani ndi mawaya, pakuti misewu ya pfumbi ndi matope imawadya msanga. Onani ngati sanaduke kapena kucita dzimbiri polumikizira. Kenaka masulani bauti ija ndi kuzula sensa. Mukapeza tizitsulo tonga ufa titamatirira ku maginito, pukutani ndi nsaru yoyera, bwezerani, ndipo muyese galimoto. Ikapanda kucira, gulani sensa yina. Makaniko amene ali ndi makina owerengera zobvuta angakutsimikizireni: nambala ya bvutoli ndi 452, kapena P0500 pa galimoto za 1996. Nthawi zina sensa iri bwino koma wochi yomwe ndiyo yaonongeka, ndipo imeneyo ndi nchito ya munthu wodziwa zamagetsi.

Amene galimoto zao ndi zakale koposa, za magiya osintha ndi dzanja, asabvutike ndi zonsezi. Wochi yao imayendetsedwa ndi kebulo, ndipo mubvi ukamanjenjemera ndiye kuti kebuloyo yauma kapena yapindika, magiya sizikuwakhudza.

Musaiwalenso kuona mafuta a m'giyabokosi, injini iri yotentha ndi yolira, giya iri pa P. Mafuta abwino ndi ofiira. Akakhala akuda ndi onunkha ngati ndiwo zopserera, pamenepo bvuto liri m'kati ndithu, ndipo musanyamulenso katundu kufikira makaniko ataiona.