CHITHUNZI CHIMENE CHINADULIDWA NDI LUMO

M'chaka cha 1950 boma la Soviet Union linasindikiza gawo lachisanu la buku lake lalikulu la chidziwitso, lotchedwa Great Soviet Encyclopedia. M'menemo munali mbiri ya Lavrentiy Beria, amene anaikidwa kukhala mkulu wa apolisi achinsinsi mu 1938, pamodzi ndi chithunzi chake chodzaza tsamba lonse. Stalin atamwalira mu March 1953, Beria anagwidwa, ndipo mu December anaphedwa.

Pambuyo pake onse amene anagula bukulo analandira kalata yowauza kuti adule masamba 21 mpaka 24, ndi chithunzicho, ndi lumo kapena sizasi, ndi kumatamo masamba atsopano. Ena mwa masambawo anali ofotokoza za nyanja ya Bering, ndi zithunzi zake zomwe.

Kodi chithunzi cha nyanja chingakondere mbali m'ndale? Pachokha chilibe mlandu, pakuti madzi salowa chipani. Koma anachiika pamenepo kuti owerenga aiwale munthu amene anazunza anthu osawerengeka, aiwalenso amene anagwira naye ntchito. Chifukwa chake mphunzitsi wotsegula buku lotere ayenera kufunsa mafunso awiri: chithunzichi chikuphunzitsa chiyani, nanga chinalowa m'malo mwa chiyani?