Agogo Akasochera ku Kabwata

Zimandipweteka mtima ndikamva kuti agogo asochera ku Kabwata, m'misewu yomwe akhala akuyendamo kuyambira kale, anthu n'kuyamba kunong'ona za ufiti. Kawirikawiri vuto limakhala mu ubongo.

Pakatikati pa ubongo pali thalamus, tizigawo tiwiri, kena kumanja kena kumanzere. Ili ngati siteshoni ya mabasi ya Intercity: zomwe maso aona, makutu amva ndi khungu lakhudza zimafikira pamenepa, kenako n'kutumizidwa kumtunda kwa ubongo komwe timaganizira. Fungo lokha ndilo limalambalala. Maselo akutsogolo kwa thalamus amathandizana ndi hippocampus, gawo lina la ubongo, kusunga zokumbukira ndi kuzindikira njira. Matenda omwe Alois Alzheimer anawafotokoza mu 1906 amawononganso maselo amenewa. Uchidakwa wa zaka zambiri nawonso umavulaza thalamus, thupi likasowa vitamini B1, ndipo izi zimandidandaulitsa kwambiri chifukwa n'zopeweka.

Thandizo lilipo: mu 2018 chipatala cha UTH chinayamba kuphunzitsa madokotala a ubongo, ndipo chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama chili pa Great East Road, popita ku Chelstone. Amayi anu akamafunsa funso lomwelo kangapo, kapena kuiwala ndiwo pa mbaula mpaka kupserera, pitani nawo akapimidwe msanga.