Sitima ya Sewol

Kutali kwambiri, ku Asia, kuli dziko la South Korea. Dzikoli lili ndi nyanja kumbali zitatu. Kumeneko kunali sitima yaikulu ya pamadzi. Dzina lake linali Sewol.

Usiku wa pa 15 Epulo 2014, Sewol inanyamuka padoko la Incheon kupita ku cilumba ca Jeju. Munali anthu 476. Mwa iwo, 325 anali ana a sukulu ya sekondale ya Danwon, ya mumzinda wa Ansan. Anali pa ulendo wokaona malo pamodzi ndi aphunzitsi awo.

M'mawa wa pa 16 Epulo, sitima inakhota mwadzidzidzi. Inapendekeka, ndipo siinawongokenso.

Cifukwa ciani? Eni ake anawonjezera zipinda pamwamba kuti azinyamula anthu ambiri. Anapakira katundu woposa kawiri muyeso wololedwa, ndipo sanam'mange bwino. Pansi pa sitima amasungamo madzi oithandiza kuima bwino. Madziwo anawacepetsa kuti katundu aculuke. Msodzi aliyense amadziwa kuti bwato lolemera pamwamba silicedwa kugudubuka. Koma oyang'anira sitima analola kuti Sewol iziyenda.

Woyamba kuimba foni yopempha thandizo anali mnyamata wa sukulu. Mkati mwa sitima, cokuzira mawu cinauza anthu kuti akhale pomwe ali. Ana anamvera. Anavala majekete oyandamitsa, nadikira. Ana sanalakwe. Analakwa ndi akuluakulu.

Kaputeni Lee Joon-seok anathawa, kusiya anthu mkati. Apolisi a panyanja anafika, koma sanalowe kukatulutsa anawo. Asodzi anabwera ndi mabwato awo, navuula anthu ambiri. Mtsikana wina wogwira nchito m'sitimamo, Park Ji-young, sanathawe. Anagawira ana majekete, nawathandiza kutuluka. Iye anafera momwemo.

Anthu 172 anapulumuka. Anthu 304 anamwalira, ndipo 250 mwa iwo anali ana a sukulu.

Tsiku lomwelo, nkhani za pa kanema zinanena kuti ana onse apulumuka. Sizinali zoona. Makolo anathamangira ku cilumba ca Jindo, pafupi ndi pomwe sitima inamira. Anadikira pagombe masiku ambiri, akuitana maina a ana awo.

Pambuyo pake makolo anafunsa boma: ndani analola katundu wotere? Bwanji ana sanatulutsidwe? Mayankho anacedwa. Makolowo anamanga matenti pabwalo la Gwanghwamun mumzinda wa Seoul. Bambo wina anakhala masiku 46 osadya, kuti boma lifufuze zoona. Panali anthu ena amene ananyoza makolowo, nawauza kuti angoiwala. Koma anthu ambiri anavala kansalu kacikasu pacifuwa. Kansaluko kanali kusonyeza kuti sanaiwale.

Mu 2015 khoti linalamula kuti kaputeni akhale m'ndende moyo wake wonse. Pulezidenti Park Geun-hye anapepesa, koma anthu sanakhutire. Mu 2017 anacotsedwa pampando cifukwa ca milandu ina ya katangale.

M'caka comweco ca 2017, Sewol inavuulidwa m'nyanja, niikidwa padoko la Mokpo. Inali itakhala pansi pa madzi pafupifupi zaka zitatu. Anthu anafufuza m'matope a m'zipinda zake. Matupi a anthu asanu sanapezeke.