Namwino Akalemba Kalata Yotumiza Mwana Patsogolo, Kumeneko Amakachita Chiyani?

Amayi ndi abambo a ku Meluluca ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, nkhani ya ulendo uno ikukhudza ana amene matenda awo sathera pa chipatala chathu chapafupi. Namwino akamuyang'ana mwana wotere amalemba kalata, ija mumaimva akuitchula kuti guia de transferência, n'kunena kuti mupite ku Metangula kapena ku Lichinga. Makolo ambiri akamva zimenezi mtima umagwa. Ena kalatayo amaipinda, kuisunga m'chikwama n'kumadikira kuti mwina mwana apeza bwino yekha. Dziwani kuti matenda angapo amene kumudzi timati ndi chibadwa kapena olodzedwa ali ndi madokotala akeake, ndipo ambiri mwa matendawa amachira bwino mwana akafika msanga.

Njira yake imayambira kuno. Kuchoka pa chipatala chaching'ono mumapita ku Metangula, kenako ku chipatala cha chigawo ku Lichinga, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku Metangula. Zikakanika kumeneko amatumiza ku zipatala zazikulu za ku Nampula kapena ku Maputo. Tsidya lina, ku Malawi, mumzinda wa Blantyre muli zipatala ziwiri za ana zimene ambiri a inu munazimvapo kwa abale. China ndi Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimawongola mafupa ndi ziwalo za ana. China ndi Mercy James Centre, chimene chili mkati mwa chipatala cha Queen Elizabeth. Ichi chinatsegulidwa mu July 2017 ndi thandizo la woimba wa ku America, Madonna. Chili ndi mabedi 50, zipinda zitatu zochitira opaleshoni, komanso wodi yoyamba m'dziko la Malawi yosamalira ana okhaokha amene ali pakati pa moyo ndi imfa.

Mwina mungafunse kuti mwana afuniranji chipatala chakechake. Thupi la mwana silili ngati la munthu wamkulu. Mankhwala ogonetsa pa opaleshoni amayezedwa molingana ndi kulemera kwake, misempha yake ndi yaing'ono, ndipo magazi ochepa okha akataika kwa khanda ndi nkhani yaikulu. Pamafunika zida zazing'ono ndi manja ozolowera.

Mapazi opindika

Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 1,000 alionse amabadwa phazi litapindikira mkati, nthawi zina onse awiri. Pa khadi angakulembereni kuti pé boto. Mayi sanalakwe chilichonse ali woyembekezera, ndipo palibe amene anamulodza. Khanda silimva kuwawa, n'chifukwa chake makolo ena sachitapo kanthu mpaka mwana atayamba kuyenda ndi m'mbali mwa phazi.

Chithandizo chake chinayambitsidwa ndi dokotala wina wa ku Spain amene ankagwira ntchito ku America, Ignacio Ponseti. A chipatala amawongola phazilo pang'onopang'ono ndi manja n'kulimanga chikhakha kuchokera kuzala mpaka pantchafu. Sabata iliyonse amachotsa n'kuika china, kawirikawiri kasanu mpaka kasanu ndi katatu. Ana ambiri amafunikanso kuwadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene kuti phazi likhale pansi bwino, ntchito ya mphindi zochepa. Zikatha izi mwana amavala nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo, usana ndi usiku kwa miyezi itatu, kenako usiku wokha mpaka atakwana zaka 4 kapena 5.

Apa ndi pamene makolo ambiri amagwa ulesi. Phazi likuoneka lowongoka, mwana akulira ndi nsapato zija, agogo akuti muvuleni. Mukamuvula, phazi limabwerera mwakale ndipo ntchito yonse ija imayambiranso. Nthawi yabwino yoyamba chithandizo ndi masabata oyamba mwana atangobadwa, mafupa akadali ofewa. Koma ngati muli ndi mwana wa zaka 6 kapena 10 amene akuyendera m'mbali mwa phazi, musataye mtima. Nayenso amathandizidwa, kungoti nthawi zambiri pamafunika opaleshoni yaikulupo.

Chipatala cha mafupa chimathandizanso ana a miyendo ya matewe, a mafinya osatha otuluka m'fupa, ndi aja anapsa ndi moto chipsera n'kukoka khungu mpaka mkono kapena zala kulephera kutambasuka. Ife a kunyanja timadziwa mmene ana amagwera pamoto nyengo ya mwera ndi pamene tikuwamba nsomba.

Chotupa chokula msanga

Mvetsetsani bwino gawo ili chifukwa likutikhudza kwambiri. Pali khansa ina ya ana yotchedwa Burkitt. Dzinali ndi la dokotala Denis Burkitt amene anaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Uganda. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto m'maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi ndi Mozambique, kufunsa m'zipatala kumene matendawa amapezeka. Anapeza kuti amakonda madera otentha ndi achinyezi, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa, ndipo kumapiri kozizira ndi osowa. Pambuyo pake kunadziwika kuti amayenderana ndi kudwaladwala malungo pamodzi ndi kachilombo kena kotchedwa Epstein-Barr. Kunena kwina, mwana wa ku Meluluca ali m'dera lenileni la matendawa, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chogonekera ana m'neti.

Matendawa amagwira kwambiri ana a zaka zapakati pa 4 ndi 10. Tsaya kapena nsagwada imatupa, mano amagwedera, diso limatha kutong'oka, kapena mimba imakula n'kulimba. Chimene chimasiyanitsa chotupachi ndi zina n'chakuti chimakula mofulumira kwambiri. Mumaona kusintha m'masiku ochepa chabe. Musazule dzino, musateme mphini, musadikire kuti mwezi uthe. Chotupachi chimamva mankhwala. Amapereka kudzera m'mitsempha, ndipo nthawi zambiri chimayamba kuphwa pasanathe sabata. Vuto ndi loti makolo ena akaona kuti chaphwa amathawitsa mwana mankhwala asanathe, ndipo chikabwerera chimakhala chovuta kuchiza. Ofika msanga n'kumaliza mankhwala ambiri amachira.

Makanda

Khanda likatha tsiku lathunthu osachita chimbudzi, mimba n'kumatupa, kapena likamasanza zobiriwira, pitani nalo tsiku lomwelo. Ena amabadwa opanda njira ya chimbudzi ndipo amakonzedwa ndi opaleshoni. Mutu ukamakula kuposa msinkhu, liwombo litatupa, maso akuyang'ana pansi, mwina ndi madzi amene akudzaza m'mutu. Madokotala amaika kapaipi kakang'ono kochotsa madziwo, ndipo kufulumira kumateteza ubongo. Wa mlomo wong'ambika amasokedwa ali ndi miyezi pafupifupi 3 mpaka 6, koma ayenera kukhala wonenepa bwino, choncho funsani namwino akuonetseni kayamwitsidwe kake.

Pali zizindikiro zina zosafuna ulendo wautali koma liwiro: mwana kukomoka, kukana kuyamwa, kusanza chilichonse, kulefuka osadzuka, kapena nthiti kulowa mkati popuma. Thamangirani kwa APE kapena ku chipatala chapafupi ngakhale usiku. Mukafika musakhale phee kumapeto kwa mzere. Muuzeni wa chipatala zimene mukuona, pakuti mwana wodwalika amayenera kuonedwa poyamba.

Pokonzekera ulendo

Musanyamuke opanda kalata ya chipatala ndi khadi ya mwana ya kusikelo. Dokotala wa kutsogolo amayambira pa zimene mnzake walemba, ndipo wofika chimanjamanja amatha kubwezedwa atawononga kale ndalama zoyendera. Amene ali ndi maganizo opita ku Blantyre akambirane kaye ndi madokotala a ku Lichinga, chifukwa zina zimatheka konkuno ku Mozambique. Njira ya pamtunda imadzera ku Mandimba ndi Chiponde, ndipo pamalire pamafunika mapepala a mwana ndi a womuperekeza.

Banja likhale pansi lisankhe munthu mmodzi amene angathe kukhala kuchipatala masabata angapo, ndiponso amene atsale akuyang'anira ana ena ndi munda. Abambo, nkhaniyi musawasiyire amayi okha. Ndalama ya usipa ya mwezi umenewo ipatulidweko ya ulendo wopita, wobwerera, ndi wina wobwereranso kuchipatala. Potuluka funsani tsiku lodzaonetsanso mwana, alilembe pa khadi, ndipo mukafika kumudzi kaonetseni khadiyo kwa namwino amene anakulemberani kalata ija.